Malumo atatu a pamsika wa Lille: ndi liti lenileni la ku France?

Funso lachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akugwira ntchito kumpoto kwa France. Akuti pamsika waukulu wa zinthu zakale wa mumzinda wa Lille, umene umachitika kumayambiriro kwa Sepitembala, anagula malumo atatu opinda, a mtundu uja ankametera ndevu malezala asanafale. Loyamba lili ndi chithunzi cha kabelu ndi mawu akuti "Le Grelot, P. Hospital", komanso "Médaille d'or Paris 1931". Lachiwiri lili ndi msana wokhuthala, kasikuluwu kakang'ono, ndi mawu akuti "Lecoultre au Sentier". Lachitatu ndi lolemera, chogwirira chake ndi choyera mopita kuchikasu, ndipo pali mawu awiri okha owerengeka, "acier fondu", ndi dzina lina lofufutika. Akufunsa ngati onsewa ndi a ku France, ngati angadziwe zaka zake, ngati awapereke kwa wonola mipeni kuti awawalitse, ndiponso ngati angatenge limodzi kukapatsa bambo awo kumudzi. Akuti mtima wayambanso kufuna kutolera ena.

Achimwene, ndiyambe ndi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri: musawapereke kwa wonola mipeni, ndipo musawakhule ndi sandipepa mpaka mutamaliza kuwerenga yankholi. Lumo limene lakhala zaka 90 kapena 150 lili bwinobwino limatha kuwonongeka pa mphindi imodzi pa gudumu lonolera zikwanje. Pa malumo anuwo, loyamba ndi la ku France ndithu, lachiwiri ndi la ku Switzerland, ndipo lachitatu tiyenera kulifufuza pamodzi.

Tsegulani lumo lililonse, muyang'ane kachitsulo kopapatiza kamene kali pakati pa mpeni weniweniwo ndi msomali wopindirapo, pamene chala chachikulu chimakhala munthu akamameta. Ine ndimapatchula kuti pakhosi. Zimene zadindidwa pamenepo zinamenyedwa m'chitsulo lumo lisanaumitsidwe, ndipo ndi pamene pamapezeka dzina kapena chizindikiro cha mwini ntchitoyo. Zolemba zokongola zapankhope pa mpeni, zina zopakidwa golide, zinaikidwa pambuyo pake ndi asidi pofuna kukopa ogula, ndipo zimatha kunena chilichonse m'chinenero chilichonse. Bokosi nalo musalikhulupirire, chifukwa pamsika ngati wa Lille ogulitsa amangoika lumo m'bokosi lililonse limene lakwana. Tengani galasi lokulitsa zinthu, muunike ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali kuti mthunzi ugwere m'timaenje ta zilembo, ndipo muone mbali zonse ziwiri za khosi. Dzina limene mukuti ndi lofufutika lija mwina lionekera mukatero.

Le Grelot ndi dzina lolemekezeka pakati pa otolera malumo. Mawuwo amatanthauza kabelu kozungulira kokhala ndi kanjere mkati, ndipo ndi kamene mukukaona pachithunzicho. Ankapanga ndi a P. Hospital a mumzinda wa Thiers. Mendulo ya 1931 ikukuuzani chinthu chimodzi chokha: lumolo silinapangidwe chakacho chisanafike. Sikuti linapangidwa mu 1931, pakuti kampani ikapata mendulo imapitiriza kuidinda kwa zaka zambirimbiri. Ambiri amalakwitsa pamenepa, ndipo ogulitsa ena safuna kuwawongola. Dziwaninso kuti dzina la Le Grelot linadzagwa m'manja mwa kampani ya Thiers-Issard, kotero pali malumo a masiku ano okhala ndi kabelu komweko.

Kuti mumvetse malumo a ku France muyenera kudziwa Thiers. Ndi mzinda waung'ono womangidwa paphiri m'chigawo cha Puy-de-Dôme, ku Auvergne, kum'mawa kwa Clermont-Ferrand, ndipo mpaka lero mipeni yambiri yopangidwa m'dzikomo imachokera kumeneko. Chimene chinautukula ndi mtsinje wa Durolle, umene umatsika mothamanga m'chigwa chakuya. M'mphepete mwake munali tinyumba tonolera, madzi akumazunguza miyala ikuluikulu. Onolawo sankagwira ntchito ataima. Ankagona chafufumimba pathabwa pamwamba pa mwala wozungulirawo, manja atalendewera pansi, kuti akanikize chitsulo ndi kulemera kwa thupi lonse. M'nyengo yozizira galu ankagona pamiyendo pawo kuti azimva kutentha. Phala lamwala linkawathimbiriritsa kumimba mpaka anthu anawapatsa dzina lakuti "ventres jaunes", kutanthauza a mimba zachikasu. Fumbi lamwala linkawadwalitsa mapapo, ndipo nthawi zina mwala unkasweka ukuzungulira n'kupha munthu amene wagona pamwamba pake. Ndikagwira lumo la ku Thiers n'kuona mmene mbali zake ziwiri zinafukulidwira mofanana, ndimakumbukira munthu ameneyo ndi galu wake. Popeza muli m'dziko momwemo, pitani mukaone. Kuli nyumba yosungira mbiri ya mipeni, Musée de la Coutellerie, imene inatsegulidwa mu 1982, ndipo kumtunda kwa mtsinje kuli Vallée des Rouets kumene kwatsala zina mwa tinyumba tija. Mwezi wa Meyi kumakhala chionetsero cha mipeni chotchedwa Coutellia.

Nkhaniyi ili ndi phindu kwa wotolera. Ku Thiers ntchito inkagawidwa: wina kusula, wina kuumitsa, wina kunola, wina kupukuta, wina kuika chogwirira, ambiri akugwirira kunyumba kwawo. Ndiye mwini sitolo ya mipeni ku Bordeaux, ku Rouen kapena ku Lyon ankatha kuitanitsa malumo atadindidwa kale dzina lake ndi la mzinda wake. N'chifukwa chake mudzapeza malumo ambiri abwino okhala ndi dzina limene palibe akulidziwa. Dzinalo ndi la wogulitsa, pamene lumolo linasulidwa ku Thiers kapena ku Nogent, ku Haute-Marne, kumene kunkachokera masizasi, zida za madokotala ndi mipeni yosalala bwino. Langres ndi Châtellerault ndi mayina enanso a mizinda ya mipeni amene mungakumane nawo. Ine malumo a mayina osadziwikawa ndimawakonda kwambiri, chifukwa satsika pa ubwino koma anthu sawalimbirana.

Tibwere ku lachiwiri. Le Sentier ndi mudzi wa ku Vallée de Joux m'dziko la Switzerland, komwe kumapangidwa mawotchi a Jaeger-LeCoultre, ndipo anthu a kumeneko amalankhula Chifalansa. Lumo lanu ndi la mtundu umene mpeni wopyapyala umalowetsedwa mumsana wokhuthala, kasikuluwu kaja n'kumaugwira, kuti munthu azitha kusintha mipeni. Ndi lumo labwino ndipo musalitaye. Koma likuphunzitsani kuti Chifalansa pachitsulo si umboni wa France. A ku Belgium ankalemba Chifalansa. Mafakitale a ku Solingen ku Germany ankalemba Chifalansa pa katundu wopita kwa ogula a ku France. Mudzaonanso malumo olembedwa "Kindal" ndi adiresi ya ku Avenue de l'Opéra ku Paris, koma mukatembenuza khosi mupeza Heljestrand, Eskilstuna, ndiye kuti ndi a ku Sweden, ogulitsidwa m'sitolo ya ku Paris. Ngakhale nsonga imene otolera a Chingelezi amaitchula ndi dzina la France, ija yopindika ngati gawo la mwezi n'kuthera pakuthwa, imapezeka pa malumo a mayiko onse. Komanso musadabwe ngati lumo lenileni la ku Thiers lilibe mawu akuti "France". Kudinda dzina la dziko kunafala chifukwa cha lamulo la msonkho la ku America la 1890, limene linayamba kugwira ntchito pa nkhaniyi mu 1891, ndipo linkakhudza katundu wolowa m'dziko limenelo. Lumo lopangidwira wometa wa ku Lille silinkafunikira zimenezo.

Mawu ochepa amene muzikumana nawo kawirikawiri ndi awa. "Déposé" kapena "marque déposée" ndiye kuti chizindikirocho chinalembetsedwa kuboma. Lamulo lalikulu la zizindikiro za malonda ku France ndi la 1857, kotero lumo lotere nthawi zambiri ndi la pambuyo pa chakacho. "Garanti" ndi lonjezo chabe la wogulitsa. "Évidé" ndiye kuti mbali za mpeni zinafukulidwa kuti upyapyale, ndipo "évidé sonnant" ndi lopyapyala kwambiri moti limalira likamadula ndevu kapena mukalikhudza pang'ono ndi chikhadabo. Pofufuza pa intaneti kapena pofunsa pamsika, mawu amene eni dziko amagwiritsa ntchito ndi "coupe-chou", kutanthauza chodulira kabichi. Mukatchula mawu amenewo wogulitsa adziwa kuti si ulendo wanu woyamba.

"Acier fondu" ya pa lumo lachitatu imatanthauza chitsulo chosungunulidwa mumbiya. Njira imeneyi anaitulukira ndi Benjamin Huntsman ku Sheffield, ku England, m'zaka za m'ma 1740, ndipo inkapereka chitsulo chofanana paliponse, choyenera malumo. Mawuwa ankadindidwa kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi m'zaka za m'ma 1800, ndipo ngakhale osula a ku Sheffield ankawadinda m'Chifalansa chomwecho. Choncho mawuwa akusonyeza ukale, koma sakutchula dziko. Yang'anani maonekedwe. Ngati mchira, kachitsulo kotuluka kuseri kwa msomali, ndi kachibuthu kakafupi, ngati palibe phewa looneka bwino pakati pa khosi ndi mpeni, ngati mpeniwo mukauyang'ana kunsonga ukuoneka ngati chilembo cha V, wosafukulidwa m'mbali, ndipo chogwirira n'chowongoka, ndiye kuti muli ndi lumo la chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 kapena kale kuposa apo. Mchira wautali wopindika, phewa looneka ndi mbali zofukulidwa zinabwera pambuyo pake. Chaka chenicheni palibe angakupatseni popanda dzina la wosula; amene akukuuzani chaka atangoona chithunzi akungolota.

Pa chogwirira chake m'pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa zikukhudza ulendo wanu wa kumudzi. Choyera mopita kuchikasu chikhoza kukhala fupa, mnyanga wa njovu, kapena seluloidi, pulasitiki yakale imene inayamba kufala m'zaka za m'ma 1870. Fupa lili ndi timadontho ndi timizere takuda tatifupi, momwe munkadutsa mitsempha ya magazi. Mnyanga ulibe timabowo, ndi wosalala, nthawi zambiri umachekedwa mopyapyala kwambiri, ndipo pena pamaoneka timizere topingasana ngati ukonde. Seluloidi yotsanzira mnyanga ili ndi mizere yowongoka yotalikirana mofanana kwambiri kuposa mmene chilengedwe chimachitira. Ikhuleni ndi chala mpaka itenthe pang'ono, mununkhize: imatulutsa fungo la kamfa, ngati la mafuta a Ingram's aja timawadziwa tonse. Ena amalangiza kubaya ndi singano yamoto. Musatero, seluloidi imayaka msanga, ndipo ngakhale isayake mwaboola chinthu chimene munafuna kusunga.

Ngati mwapeza kuti ndi mnyanga, lumo limenelo lisakwere ndege. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 ndi CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire. Ku Britain lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limaletsa kugula ndi kugulitsa zinthu za mnyanga kupatula zochepa zolembetsedwa. Kwathu ku Malawi lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ya minyanga ikhoza kufikitsa munthu ku zaka 30 m'ndende. Wapolisi wa pabwalo la ndege sangayambe kukambirana nanu zoti njovuyo inafa agogo anu asanabadwe. Chimodzimodzi chogwirira cha chigoba chenicheni cha kamba wa m'nyanja, chija cha mawanga ofiirira.

Seluloidi ili ndi vuto lakelake, ndipo ili ndinaliphunzira mowawa. Ndinali ndi malumo asanu m'kabokosi kathabwa kotseka bwino, ndinawapaka mafuta n'kuwasiya miyezi ingapo ya dzinja. Tsiku lotsegula ndinalandiridwa ndi fungo lowawasa. Lumo limodzi, la chogwirira cha mawanga okongola owonekera, linali ndi dzimbiri lofiira lonyowa pa gawo lokhalo limene limabisala m'chogwirira, msana uli mbee. Mzere wa dzimbiriwo unatsatira ndendende m'mphepete mwa chogwiriracho, ndipo pamene panali mawanga owonekera m'pamene panadyeka kwambiri. Awiri oyandikana nalo anali atayamba timadontho. Seluloidi ikayamba kuwola imatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo, ndipo palibe mankhwala oiletsa. Lumo lija silinapulumuke, kukamwa kwake, mbali yakuthwa ija, kunali kutadyeka ngati tsamba la chimanga lodyedwa ndi mbozi. Kuyambira pamenepo ndikaona dzimbiri lotsatira mzere wa chogwirira, ndimachotsa chogwiriracho tsiku lomwelo, ndipo malumo a seluloidi sindiwatsekera pamodzi ndi ena. Le Grelot yanu ikhoza kukhala ndi chogwirira cha seluloidi, choncho muziinunkhiza ndi kuiyang'ana mwezi ndi mwezi. Nyanga ya ng'ombe ilibe vuto limeneli; yake ndi kuuma, kusenda, ndi tizilombo toboola.

Poti mukufuna kutolera ena, mverani izi. Dzina lotchuka pa chitsulo chotha ndi kutaya ndalama. Musanafunse mtengo, yang'anani msana. Lumo limanoledwa litagona pamwala msana ndi kukamwa pamodzi, ndiye chaka ndi chaka msanawo umadyeka n'kusiya kanjira kosalala kowala. Kanjira kopyapyala kofanana kuyambira kukhosi mpaka kunsonga ndi chizindikiro cha lumo losamalidwa. Kotakata, kapena kotakata mbali imodzi, ndiye kuti latha kapena linanoledwa ndi dzanja lopotoka. Kenako imikani kukamwa kwake pafupi ndi chinthu chowongoka muone kuwala kodutsa pansi. Kukamwa kotukuka pang'ono pakati kulibe vuto, malumo akale ambiri anapangidwa choncho. Kolowa mkati pakati n'kovuta kukonza. Mng'alu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, ndiye kuti lisiyeni patebulo pomwepo, makamaka pa lumo lopyapyala. Dzimbiri la pamsana kapena pakhosi silindiopsa, koma timaenje takuda pafupi ndi kukamwa timatanthauza kuti mudzanola kufikira kutopa, kukamwa kukungobenthuka. Mtundu wabuluu kapena wofiirira m'mphepete ukusonyeza kuti wina analiika pagudumu n'kulipsereza, ndipo chitsulo chopsa sichigwiranso kuthwa. Muyesenso m'lifupi mwake. Malumo amayezedwa m'magawo asanu ndi atatu a inchi: 5/8 ndi pafupifupi mamilimita 16, 6/8 ndi 19, 7/8 ndi 22. Lumo lolembedwa pabokosi kuti 6/8 koma likukwana mamilimita 15 lataya gawo lalikulu la moyo wake.

Kuyeretsa kukhale kochepa. Pukutani ndi kansalu ka mafuta opepuka, ngati a makina osokera. Dzimbiri lofiira lichotseni pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola kapena waya wofewa kwambiri woviika m'mafuta. Kuda kosalala kumene chitsulo chakale chimakhala nako kusiyeni, sikudya chitsulo ndipo ndi mbali ya ukale wake. Pankhope yokhala ndi golide musapakepo polishi, golideyo amachoka kamodzi kokha. Musanametere, pukutani mpeni wokha ndi spiriti ya 70 peresenti, chifukwa kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo pachitsulo kwa sabata kapena kuposa, ndipo simukudziwa amene analiyesa pamsika dzulo lake. Spiritiyo isakhudze seluloidi, ndipo musawiritse lumo, chogwirira chimapindika. Kunola koyamba perekani kwa munthu amene ntchito yake ndi malumo, osati mipeni ya kukhitchini; ku France alipo ndipo ena amalandira pa positi. Mukadzafuna kuphunzira nokha, muli pafupi ndi kwawo kwa mwala wina wabwino kwambiri, coticule wachikasu wa ku Vielsalm ku Belgium. Phunzirirani pa lumo lotchipa, osati pa Le Grelot. Pachikopa chowongolera kukamwa, msana ndiwo umatsogola, ndipo potembenuza mumagubuduza pamsana.

Pa kutolera kwenikweniko, langizo langa n'lakuti musankhe kanjira kamodzi. Ena amatsata mzinda umodzi, ena zizindikiro za nyama ndi zinthu zimene osula a ku Thiers ankadinda, monga kabelu kanu kapena mmbulu ndi nkhosa yamphongo za Thiers-Issard, kampani imene Pierre Thiers anayambitsa mu 1884 ndipo ikupangabe malumo mpaka pano. Ena amasaka "semainier", bokosi la malumo asanu ndi awiri olembedwa pamsana masiku a sabata, kuyambira Lundi mpaka Dimanche. Mukalipeza onetsetsani kuti onse ndi a khosi limodzi ndi chogwirira chofanana, chifukwa ambiri anasowa limodzi n'kuikamo lachilendo. Malumo oterewa achuluka m'misika ya m'midzi imene eni ake amati "vide-grenier" ndi "brocante", chifukwa lezala la Gillette, limene linalandira chiphaso chake mu 1904, kenako lezala lotaya la Bic la 1975, zinachititsa kuti mabanja aponye malumo a agogo m'madilowa. Pamsika wa zinthu zakale wa ku Saint-Ouen, pafupi ndi Paris, aliponso, koma ogulitsa a kumeneko amadziwa mitengo. Khalani ndi kope lolembamo zonse za pakhosi, m'lifupi, mtundu wa chogwirira, kumene munagula ndi tsiku lake, ndipo mujambule lumo lililonse musanalikhudze ndi mafuta.

Za mphatso ya bambo, ine ndingasankhe Le Grelot, litanoledwa kale ndi wodziwa, pamodzi ndi chikopa chake ndi kabotolo ka mafuta, popeza chitsulo cha malumo amenewa chimachita dzimbiri msanga m'chinyezi cha Januwale akangolisiya lonyowa. Liikeni m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, m'chikwama cha m'manja adzakulandani pachipata. Mukafika, musangowapatsa n'kuchoka. Khalani nawo pakhonde tsiku loyamba, madzi ofunda ndi sopo zili pafupi, muwaonetse kukoka khungu ndi dzanja linalo ndi kugoneka lumo kuti msana utalikire tsaya pang'ono chabe, ndipo ayambire patsaya, chibwano adzachiyese sabata yotsatira. Lachitatu lija lisiyeni ku France, ndipo munditumizire zithunzi za mbali zonse ziwiri za khosi lake, zowunikidwa kuchokera m'mbali, ndi chimodzi cha kumapeto kwa chogwirira.